Mnyamata wa Legeni Wadzaza Khwawa Lathu ndi Mbalame

Ndili ndi nkhani yokoma ndipo ikundiyabwa pakamwa. Kwathu ku Masambanjati, kumunsi kwa msewu wochokera pa boma la Thyolo kudzera pa Makwasa kulowera ku Thekerani, mbumba yathu ili ndi khwawa. Khwawa limeneli linali litafa. Mitengo inatha, madzi ankaphwa mvula ikangokata, ndipo m'mawa munkangomva tambala ndi mbuzi basi. Lero kapiteni mukaone! Mthunzi uli ponseponse, madzi akuyenda mpaka mu Okutobala, nthochi zalemedwa ndi mikoko, ndipo mbalame zimayamba phokoso kusanache, osaleka mpaka dzuwa litakwera.

Wachita zonsezi ndi muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene mudzi wonse unkamudziwa chifukwa cha legeni yake yosaphonya. Chinamutembenuza mtima ndi kachinkhwe kobiriwira, kosapitirira masentimita 14, kamene anakakumana nako ku Liwonde.

Mmene zinalili

Mlendo akamadutsa m'Thyolo pa galimoto amangoona kubiriwira kokhakokha. Minda ya tiyi ya Satemwa, Nchima, Conforzi, Makwasa ndi Naming'omba yakuta zitunda mwaudongo. Tiyi wakhala kuno zaka zoposa 100, ndipo Satemwa inayamba mu 1923. Koma eni dera timadziwa kuti pamene tiyi wathera pamayamba midzi yothithikana, timinda ta pamtsetse, ndi anthu ochuluka kuposa nthaka. Munthu ukakhala ndi ana asanu ndi munda wa theka la ekala, khasu silisiya malire. Limafika mpaka pamlomo pa madzi.

Khwawa lathu linavulidwa mwa njira imeneyi. Mbawa zinapita ku matabwa, katope anathera mu uvuni wa njerwa, mikuyu inagwetsedwa chifukwa inkaphimba chimanga. Sikunali kwathu kokha. Nkhalango yachilengedwe ya paphiri la Thyolo inatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, ndipo kachigawo kamene kanapulumuka ndi ka m'dera la Satemwa.

Chinatsala kugwira nthaka ndi nthochi. Masambanjati, Molere ndi Thekerani ndi mayina amene ankamveka m'misika ya m'tauni chifukwa cha nthochi. Malole ankabwera opanda kanthu n'kubwerera atasanja mikoko mpaka pamwamba, ulendo wa ku Limbe ndi ku Lilongwe. Fizi ya sukulu, malata a nyumba, feteleza, zonse zinkatuluka m'munda wa nthochi. Kenaka kunagwa chisaka. Matenda amenewa amafala ndi nsabwe za m'nthochi komanso ana a nthochi odwala amene anthu amapatsana mosadziwa. Masamba amatuluka ang'onoang'ono, oimirira, ounjikana pansonga, ndipo nthochiyo sibereka. Mankhwala ake palibe, kotero alangizi anati zonse zizulidwe. Dziko limene linkadya nthochi za ku Thyolo linayamba kudya zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mvula yoopsa ya mu Januwale 2015 inapeza mtsetse wathu uli pambalambanda, ndipo inakumba chigwembe chomiza munthu wamkulu mpaka pachifuwa.

Muphwa wangayo anakulira pamalo otere. Legeni yake inali ya mphanda ya mgwafa, mphira wa chubu cha galimoto, ndi kachikopa ka lilime la nsapato yakutha. Timiyala ankasankha m'chigwembe momwemo, toburungika bwino, n'kudzaza matumba a kabudula. Ulimbo ankaphika yekha m'kachitini. Ankatha kutsanzira kulira kwa njiwa mpaka njiwa yeniyeni n'kumuyankha. Ankadziwa nthawi imene pumbwa amabwera pa mpapaya, mtengo umene mpheta zimagona, ndi njira imene nkhwali imadutsa popita kukamwa madzi. Madzulo ankalowa pakhomo ndi apumbwa ndi atimba atawamanga pa luzi, ndipo palibe ankamudzudzula, poti ndiwo zinali zosowa ndipo ndi mmene anyamata akumudzi amakulira. Koma mbalamezo zinkatha. Chaka ndi chaka ankayenda mtunda wotalikirapo kuti apeze ngakhale mpheta imodzi.

Ali Fomu 1 anamva kuti m'tauni anthu amagula zinkhwe ndi ndalama zambiri n'kumazisunga m'zikwere za waya. Posakhalitsa anamvanso kuti kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pawo ikukonza ulendo wa ku paki ya nyama zakutchire ya Liwonde, kumene kuli zinkhwe. Analembetsa tsiku lomwelo. Makalabu otere amalimbikitsidwa m'sukulu zambiri ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947. Iye za chilengedwezo zinali kutali ndi mutu wake. M'chikwama munali legeni ndi chitini cha ulimbo, ndipo aphunzitsi atazipeza pageti anazisunga.

Chimene anakaona

Unali mwezi wa Okutobala 2017, dzuwa likuswa mtengo. Mitengo ya tsanya inali itayoyola masamba. Mlonda wa m'pakimo, yemwe ankawatsogolera, anaimitsa galimoto chapatali ndi dziwe limene linatsala ndi madzi ochepa pakati pa matope ong'aluka, nauza onse kuti akhale chete. Ana ena anayamba kuyasamula. Muphwa wanga kudikira mbalame ndiyo inali ntchito yake, ndipo amadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye anayamba kumva kulira kwakuthwa kukubwera chakumpoto.

Zotsatirazo amazifotokoza ataimirira, manja ali m'mwamba. "Amalume, zinabwera mwaliwiro, gulu lonse pamodzi, n'kuzungulira dziwe, n'kutera pa tsanya wouma. Mtengo unali mbee, mwadzidzidzi unabiriwira! Kenaka zinayamba kutsika, imodziimodzi, mpaka m'mphepete mwa madzi munangoti mbwee, ngati munthu wakhuthula dengu la mango oyezuka."

Mlondayo anamubwereka magalasi oonera patali. Anaona thupi lobiriwira, nkhope ndi pakhosi pa mtundu wa lalanje, mlomo wofiira wokhota, ndi diso lozunguliridwa ndi mzere woyera. Ziwiri zinakhala panthambi mogundana, ina ikupesa inzake nthenga za pakhosi, yopesedwayo itatsinzina ndi kukoma. Mnyamata amene anagwirapo mbalame zosawerengeka m'manja mwake anali asanaonepo mbalame ikuchita zake mopanda mantha.

Akatswiri amaitcha mbalame imeneyi Agapornis lilianae, ndipo m'mabuku a Chingerezi ndi Lilian's lovebird kapena Nyasa lovebird. Anailemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi George Ernest Shelley mu 1894, pogwiritsa ntchito mbalame zogwidwa ku Liwonde komweko, naipatsa dzina la mayi Lilian Sclater. Banja la Agapornis lili ndi mitundu 9, ndipo yonse ndi ya kuno ku Africa: mitundu 8 pamtunda, umodzi pachilumba cha Madagascar. Ku Zambia, kum'mwera chakumadzulo, kuli ya masaya akuda, Agapornis nigrigenis. Ku Tanzania kuli Agapornis fischeri ndi Agapornis personatus. Ku Namibia ndi ku Angola kuli Agapornis roseicollis, imene yaikazi imanyamula zomangira chisa pozisomeka mu nthenga za kumsana. M'mapiri a ku Ethiopia muli Agapornis taranta. Ina, Agapornis pullarius, imaboola chisa chake m'nyumba za chiswe, pamene Agapornis swindernianus imakhala m'nkhalango zowirira za pakati pa Africa ndipo imadalira kwambiri nkhuyu.

Yathuyi kuno ku Malawi kwawo ndi ku Liwonde. Imapezekanso m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, Zimbabwe ndi ku Tete, komanso kum'mwera kwa Tanzania. Moyo wake wagona pa zinthu zitatu. Choyamba ndi mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, mmene imagona m'magulu ndi kuikira mazira. Chachiwiri ndi njere za udzu, maluwa ndi zipatso zakutchire, kuphatikizapo mapira ikafika m'minda. Chachitatu ndi madzi, poti siitha kukhala osamwa. Madziwo ndiwo anasanduka msampha wake. M'chilimwe, anthu opha nyama mozemba ankathira mankhwala akupha monga tameki m'maiwe otsala, kufuna nyama ndi mbalame zikuluzikulu, ndipo tizinkhweti tinkafera pomwepo.

Zimenezi zinadziwika bwino chifukwa cha mwana wa Malawi, Dr Tiwonge Mzumara-Gawa, amene anatha zaka akufufuza mbalameyi mpaka kulandira digiri ya udokotala pa University of KwaZulu-Natal. Kafukufuku wake anaonetsa kuti ku Liwonde kuli mbalamezi pafupifupi 4,000, kuti zimasankha nkhalango ya tsanya wamtali, ndiponso kuti maiwe othiridwa mankhwala ndi chiopsezo chachikulu. Mayi ameneyu waphunzitsa pa Malawi University of Science and Technology, ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino la Thyolo.

Ana a sukuluwo anafika ku Liwonde pakiyo ili pakati pa kusintha. Inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548, koma pofika m'zaka za m'ma 2010 inali itadzaza makhwekhwe a waya, njovu zikutuluka kukaononga minda ya anthu. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, anaphunzitsa alonda, ndipo anachotsa makhwekhwe oposa 40,000. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, zipembere 17 zinafika kuchokera ku South Africa mu 2019, mimbulu inalowa mu 2021, ndipo miimba imene inali itasowa inayambanso kuzungulira mumlengalenga. Alonda amene amayendera nkhalango chifukwa cha chipembere ndi omwewo amene amadutsa pamaiwe pamene kachinkhwe kamamwa.

Asanakwere galimoto, muphwa wanga anafunsa mlondayo ngati mbalamezi zingakhale ku Thyolo munthu atapita nazo. Mlondayo anaseka nati, "Ayi mwanawe, izi n'za kotentha, kwa tsanya. Kwanu kuli mbalame zanu zimene ife kuno tilibe. Kazipatseni madzi abwino, mitengo ikuluikulu ndi mtendere, muona zikubwera zokha."

Ananena zoona. Thyolo ali ndi mbalame yotchedwa ndi dzina lake, Thyolo alethe, imene akatswiri amati Chamaetylas choloensis. Ndi kambalame kamanyazi ka pansi pa nkhalango, kamene kamatsatira mzere wa linthumbu n'kumadya tizilombo tothawa linthumbulo. Kamapezeka m'mapiri ochepa a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Mulanje, Namuli ndi Mabu, ndipo alendo ochokera kutali amafika ku Satemwa kudzakafunafuna. Anakalemba m'mabuku mu 1927 ndi William Lutley Sclater, mlongo wake wa Lilian uja. Mnyamatayo atamva zimenezi kwa aphunzitsi ake anangoti kukamwa yasa. Dziko lonse limadziwa mbalame ya kwawo, iye mwini osaidziwa.

Ntchito ya m'khwawa

Atabwerako aphunzitsi anamubwezera legeni yake, iye n'kuiponya pansi pa bedi. Loweruka lake anabwera kwa ine, nakhala pansi mwaulemu.

"Amalume, ndabwera ndi pempho. Mundilankhulire kwa amayi andipatse m'mphepete mwa khwawa, mbali zonse ziwiri. Ndikufuna ndibzalemo mitengo."

Kwathu kuno munda ndi wa mbumba, ndipo nkhani yotere imakambidwa malume ali pomwepo. Tinakhala pakhonde la anganga ake. Mlongo wanga anakana kwamtuwagalu. "Achimwene, mwanayu wapenga? Mizere ya chimanga imene ili pamenepo ndiyo imatifikitsa mu Febuluwale. Kodi tizidya mitengo?" Funso lake linali lomveka, ndipo tonse tinakhala chete. Anamasula nkhaniyo ndi anganga. Anati iwo ali mtsikana ankatunga madzi m'khwawa lomwelo chaka chonse, pansi pa mkuyu waukulu, ndipo nkhulukulu zinkalira pamwamba pawo. Anati mizere ikukanganiridwayo madzi akuidya kale chaka chilichonse. "Mupatseni mwanayu. Chigwembe chisatilande, bola atilande mdzukulu wanga."

Nazale yake inali kuseri kwa khitchini. Machubu anali mapepala a shuga ndi a mchere otola pamsika, odzazidwa ndi dothi losakaniza ndi manyowa a mbuzi. Luso lonse la legeni linatembenukira kumeneku. Munthu amene ankadziwa mtengo uliwonse umene mbalame zimadya sanavutike kudziwa choti abzale. Anatola njere za katope, mwimbi, mbawa ndi mtangatanga pamene mitengoyi inatsala. Mkuyu ndi kachere anadula nthambi zonenepa n'kuzizika, poti zimenezo zimaphuka zokha. Zitsa zakale zimene anthu ankazitentha chaka ndi chaka anaziyang'ana bwino, napeza kuti zambiri zili moyo. Anasiya mphukira ziwiri zamphamvu pa chitsa chilichonse, zina n'kudulira, ndipo mitengo imeneyo inakula msanga kuposa yobzala chifukwa mizu inali kale pansi.

Mvula ya mu Disembala itakhazikika anabzala. M'chigwembe anatchinga ndi miyala ndi zikhomo, n'kubzala nsungwi. Kumtunda mlangizi wa zaulimi anamuphunzitsa kuyeza akalozera, ndipo pa kalozera aliyense anabzala udzu wa vetiva. Chilimwe choyamba chinali cha thukuta. Ankatunga madzi pamjigo m'mawa asanapite kusukulu, ankatchinga kamtengo kalikonse ndi minga kuopa mbuzi, ndipo analambula njira yotchinga moto. Anzake a legeni ankamuseka pomudutsa ndi zigubu. Mitengo ina inauma, ina chiswe chinadya, ndipo mvula itabweranso anabzala ina m'mapando momwemo.

Pamalire pa munda panali mtengo wa mapeyala wakufa, umene bambo ake ankafuna kuwaza nkhuni. Mnyamatayo anapempha kuti usiyidwe. Iye anali atamvetsa za mphako, ndipo nkhani ya mphako anaitsata mpaka kutsidya kwa nyanja. Bulugamu amene wadzaza m'Thyolo, amene mafakitale a tiyi amasonkhera moto woumitsira masamba, kwawo ndi ku Australia. Kumeneko mtengo umenewu uli ndi tizinkhwe take tobiriwira totchedwa lorikeet. Banja lina la tizinkhweti, Parvipsitta, lili ndi mitundu iwiri: Parvipsitta pusilla, ka nkhope yofiira, kotalika pafupifupi masentimita 15, ndi Parvipsitta porphyrocephala, ka chipewa chofiirira pamutu. Timadya timadzi totsekemera ndi mungu wa maluwa a bulugamu pogwiritsa ntchito lilime la timanyenje kunsonga, ndipo timaikira mazira m'mphako za bulugamu wokalamba. Mnyamatayo anawerenga zimenezi pa foni ya aphunzitsi ake, nabwera kudzandiuza mokondwa: "Amalume, kulikonse n'chimodzimodzi! Ku Liwonde tsanya wokalamba, ku Australia bulugamu wokalamba. Ife timadula mtengo usanakalambe, ndiye mbalame igona kuti?" Mtengo wa mapeyala uja unasiyidwa.

Nthawi yomweyo alangizi anayamba kufikitsa kwa alimi mbewu ya nthochi yopanda matenda. Mlongo wanga analandira yake n'kubzala kumtunda kwa mitengoyo, pamene akalozera ankasunga chinyezi. Mwana wake ndiye anakhala mlonda wa nthochizo. Diso limene linkaona timba atabisala m'masamba limaona chisaka chikangoyamba, ndipo phando lodwala amalizula tsiku lomwelo.

Mmene zilili lero

Anayamba kubwera ndi apumbwa, mwimbi utangoyamba kubereka. Kenaka njiwa zinamanga chisa m'nsungwi. Gogomole anafika pa mtengo wa mapeyala wakufa uja, nagogoda mpaka kuboola mphako, ndipo atachoka munalowa mbalame zina. Madzi atayamba kukhalitsa m'khwawa, nantchengwa anayamba kuyendera achule. Mbalamezo sizibwera chimanjamanja. Zimadya zipatso kwina n'kudzasiya njere kuno, ndipo lero pansi pa mikuyu pamera timitengo timene palibe munthu anatibzala.

Tsiku limene sitidzaliiwala ndi la nkhulukulu. Kunali m'mawa, mlongo wanga akutsuka mbale, pamene kunamveka kulira kwamphamvu, kosasa, kuchokera mu mkuyu. Anganga, amene masiku ano amayenda ndi ndodo, anatuluka m'nyumba ndodoyo ataiiwala. Mbalameyo inali ikuthamanga panthambi, yobiriwira, chisunzi chili njo pamutu, nthenga zake zikunyezimira ndi dzuwa. Itadumphira mtengo wina inatambasula mapiko, ndipo m'mapikomo munatuluka kufiira kwa psu, kumene akatswiri amati kumachokera ku mkuwa umene uli mu nthenga zake. Anganga anaimba nthungululu mpaka anthu oyandikana nafe anathamanga kudzafunsa ngati kwabadwa mwana. Mnyamata wa legeni uja anangoima, misozi ili chuchuchu, akuseka.

Khwawa lathu linayesedwa mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku otsatizana ndi kutenga miyoyo ya abale athu ambiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi kuno ku Thyolo. Chisoni chimenecho chikadali m'mitima yathu. Madzi anadzaza khwawa mpaka m'mitengo, nthochi zina zinagwa, koma mtsetse sunagumuke. Mizu ya nsungwi, vetiva ndi mikuyu inagwira nthaka, ndipo chigwembe chija, mmalo mokula, chinadzaza dothi lochokera kumtunda. Madzi ataphwera, anthu amene ankaseka zigubu anayamba kufika pakhomo mmodzimmodzi, kudzafunsa ngati mu nazale mwatsala timitengo.

Tsopano mabanja a kumtunda ndi a kumunsi kwathu asiya nawonso m'mphepete mwa madzi osalima, ndipo mzere wa mitengo ukutalika chaka ndi chaka. Amfumu analengeza pabwalo kuti wodula mtengo m'khwawa kapena kutcheramo ulimbo alipira nkhuku. M'mitengomo mwapachikidwa ming'oma ya njuchi, ndipo uchi wake suchedwa pamsika. Nthambi zodulira zikukwanira nkhuni, makamaka poti mlongo wanga akuphikira pa chitetezo mbaula. Chimanga chimene ankadandaula chija sichinachepe, chifukwa dothi ndi manyowa zasiya kutsetsereka ndi madzi. Patsiku la msika mukamupeza pa Masambanjati atayala nthochi zake, akuuza wogula aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, kuti mwana wake ndi katswiri wa mbalame.

Chondisangalatsa koposa ndi ana. Loweruka m'mawa muphwa wanga amatsika m'khwawa ndi gulu la ana a sukulu, ndipo ambiri mwa iwo ndi akatswiri a legeni a masiku ano. Sawakalipira. Amawafunsa kuti, "Iwe, ikulirayo ndi chiyani? Imadya chiyani? Imagona pati?" Anawo amayankha mwachangu, poti zimenezi amazidziwa kale, ndipo amadabwa kuona kuti nzeru zawo zikulembedwa m'kope. M'kopemo muli dzina la mbalame iliyonse imene yaoneka, tsiku lake, ndi mtengo umene inatera. Mwana amene waona mbalame yatsopano dzina lake limalembedwa pambali pake, ndipo mpikisano wake ndi woopsa. Ulenje wawo sunathe. Akusakabe, akubisalabe, akutsanzirabe kulira kwa njiwa, koma madzulo mbalame imabwerera ku chisa chake ndipo mwana amabwerera kwawo ndi nkhani.

Ndikamaganiza za zonsezi ndimaona kuti m'mudzi uliwonse m'Malawi muno muli mwana wotere, wodziwa tchire kuposa mabuku, amene amangofunika kuona kamodzi chinthu chamoyo chili mu ulemerero wake. Aphunzitsi amene amatolera ndalama za galimoto kuti ana akaone Liwonde, Majete kapena Lengwe akugwira ntchito yaikulu kuposa mmene amaganizira, ndipo alonda amene amabwereketsa magalasi awo kwa mwana wosamudziwa Mulungu awadalitse.

Muphwa wanga sanakhutire. Akuti mbalame yamanyazi ya dzina la Thyolo ija imafuna nkhalango yothithikana, ya mthunzi wakuda ndi masamba owolerana pansi, ndipo kuti zimenezi zitheke makwawa a midzi ingapo ayenera kulumikizana mpaka kukafika pamene mitengo yachilengedwe inatsala. Wayamba kale kuyenda kwa mafumu oyandikana nafe, ine malume wake ndili pambuyo kumuperekeza. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo nazale yasamuka kuseri kwa khitchini chifukwa malo anachepa. Amayi a kumpingo alonjeza kuphika thobwa, anyamata a mpira akumba mayenje, ana a kope anyamula machubu, ndipo anganga alamula kuti mkuyu woyamba wa chaka chino aubzala ndi manja awo. Amene muli ndi khwawa louma kwanu, bwerani ndi dengu. Mbande tikupatsani, thobwa mumwa, ndipo nkhulukulu muimva nokha ndi makutu anu!